Radhabinod Pal: woweruza amene adafika mochedwa ku Tokyo

Pamene mkulu wa asilikali a America, General Douglas MacArthur, adalengeza mu Febuluwale 1946 mayina a oweruza amene akazenge milandu ya atsogoleri a dziko la Japan, dzina la Radhabinod Pal padalibe. Ngakhale mpando wa dziko lake la India padalibe.

Oweruzawo adalipo 9, mmodzi kuchokera m'dziko lililonse mwa mayiko amene adasaina chikalata chimene Japan idavomerezera kugonja pa 2 Sepitembala 1945. Mayikowo adali America, Britain, Soviet Union, China, France, Netherlands, Canada, Australia ndi New Zealand. Pal adachita kuwonjezeredwa pa mndandandawo mlandu uli pafupi kuyamba. Koma pofika mu Novembala 1948, iye yekha mwa oweruza 11 ndi amene adagamula kuti oimbidwa mlandu onse amasulidwe, ndipo chigamulo chakecho chikukanganitsabe anthu ku Japan, ku China ndi ku India.

Pal adabadwa pa 27 Januwale 1886 m'mudzi wa Salimpur, m'dera la Kushtia ku Bengal, kumene lero kuli m'dziko la Bangladesh. Banja lake lidali losauka, la mtundu wa anthu oumba mbiya, umene pa kasanjidwe ka magulu a anthu ka Chihindu sudali wapamwamba. Mayi ake ndiwo adamlera movutikira. Chimene chidamtulutsa m'mudzimo ndi nzeru za masamu. Adaphunzira ku Presidency College mumzinda wa Calcutta, umene tsopano umatchedwa Kolkata, ndipo kwa zaka zingapo adaphunzitsa masamu pa Ananda Mohan College ku Mymensingh uku akuwerenga malamulo.

M'chaka cha 1905, Pal ali ndi zaka 19, padachitika zinthu ziwiri zimene achinyamata ophunzira a ku Bengal sadaziiwale. Nduna yaikulu ya atsamunda, Lord Curzon, idagawa Bengal pakati eni ake asakufuna. M'chaka chomwecho Japan idagonjetsa Russia pankhondo, ndipo anthu a ku Asia adaona ndi maso awo kuti dziko la azungu likhoza kugwa m'manja mwa anthu a khungu ngati lawo. Pal sadamangidwepo chifukwa cholimbana ndi atsamunda monga adachitira anzake ambiri a msinkhu wake. Iye adakwera makwerero a boma lomwelo la atsamunda, mwakachetechete ndi mwakhama.

Kuyambira 1923 mpaka 1936 adaphunzitsa malamulo pa yunivesite ya Calcutta. Adalemba mabuku okhudza malamulo akale a Chihindu ndi mwambo woti mwana woyamba kubadwa ndiye alowe chuma cha makolo, ndipo adasankhidwa kangapo kupereka maphunziro otchuka a Tagore Law Lectures. Pabwalo la milandu adatchuka ngati loya wodziwa za msonkho, mpaka boma la atsamunda lidamtenga kukhala mlangizi wake pa nkhani zimenezo. Mu 1941 adakhala woweruza pa bwalo lalikulu la Calcutta, kumene adakhala mpaka 1943, ndipo mu 1944 adapatsidwa udindo woyendetsa yunivesite ya Calcutta.

Zaka zimenezo nkhondo idali pakhomo. Ndege za Japan zidaponya mabomba ku Calcutta mu Disembala 1942. Chaka chotsatira njala yoopsa idapha anthu mamiliyoni ku Bengal boma la Britain likuyang'ana kunkhondo. Mwana wina wa Bengal, Subhas Chandra Bose, adasonkhanitsa gulu lankhondo la Amwenye kuti limenyane ndi Britain mothandizidwa ndi Japan, pamene Amwenye ena oposa 2 miliyoni adavala yunifolomu ya mfumu ya ku Britain. Choncho kwa munthu wa ku Calcutta, funso lakuti mdani ndani lidalibe yankho limodzi.

Mmene adasankhidwira

Bwalo la Tokyo lidakhazikitsidwa ndi chilengezo cha MacArthur cha pa 19 Januwale 1946. Chikalata chokhazikitsa bwalolo chidati mayiko opambana apereke mayina, ndipo MacArthur asankhe oweruza kuchokera pa mayinawo. Kunena zoona, panalibe chosankha: dziko lililonse lidapereka dzina limodzi ndipo iye adangovomereza. Chikalatacho sichidanene maphunziro kapena luso limene woweruza ayenera kukhala nalo. Sichidaike oweruza apadera olowa m'malo mwa amene wadwala, monga zidalili ku Nuremberg kumene ankazenga atsogoleri a Germany. Sichidaperekenso njira yoti woimbidwa mlandu akane woweruza amene akumkayikira.

Woimira India ku Washington, Girja Shankar Bajpai, adalimbikira kuti dziko limene ana ake adafera ku Burma, ku Malaya ndi ku Singapore silingasiyidwe kunja. America idayamba yakana, kenako idalola, ndipo idafuna kuti Philippines, imene idali pansi pa ulamuliro wake, ipatsidwenso mpando. Chikalata chidasinthidwa pa 26 Epulo 1946, patangotsala sabata imodzi kuti mlandu utsegulidwe pa 3 Meyi.

Boma la atsamunda ku New Delhi lidayenera kupeza munthu mwamsangamsanga. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Japan, Nakazato Nariaki, amene adafufuza makalata a boma a nthawi imeneyo, adaonetsa kuti kusankhako kudachitika mopupuluma, ndiponso kuti Pal sankadziwika ngati katswiri wa malamulo a pakati pa mayiko. Mbiri imene idafala pambuyo pake ku Japan, yoti iye yekha pabwalopo ndiye adali wozama pa malamulo amenewa, idachita kupekedwa ndi omutama. Malamulowo adawaphunzira ali kale ku Tokyo, ndipo adawaphunzira ndi khama la munthu amene adazolowera kudziphunzitsa yekha. Amene adamusankha ayenera kuti adaona loya wa msonkho wofatsa, wotumikira boma mokhulupirika, amene sangavutitse.

Anzake amene adawapeza kumeneko aliyense adali ndi katundu wake. Wapampando, Sir William Webb wa ku Australia, adali atafufuzapo kale nkhanza za asilikali a Japan ku New Guinea m'malo mwa boma lake. Delfin Jaranilla wa ku Philippines adali mmodzi mwa akaidi amene adapulumuka pa ulendo wa imfa wa ku Bataan mu 1942, pamene asilikali a Japan adayendetsa akaidi mtunda wautali ambiri nkufera m'njira. Ivan Zaryanov wa ku Soviet Union sankalankhula Chingerezi kapena Chijapani, zilankhulo ziwiri za bwalolo. Woweruza wa America, John Higgins, adatula pansi udindo patangopita miyezi yochepa, ndipo m'malo mwake mudalowa msilikali, General Myron Cramer, amene sadamve chiyambi cha mlandu. Maloya a oimbidwa mlandu atadandaula za Webb, bwalo lidayankha kuti lilibe mphamvu yochotsa munthu amene MacArthur adamuika. Pabwalo la mfumu kumudzi, munthu amene mbuzi zake zidabedwa amakhala mboni, sakhala nduna yoweruza. Ku Tokyo malire amenewa sadasamalidwe.

Chachikulu kuposa amene adalipo ndi amene padalibe. Korea ndi Taiwan, mayiko amene Japan idawalamulira zaka zambiri, adalibe woweruza. Anthu a ku Indonesia adaimiridwa ndi Netherlands, a ku Vietnam ndi France, a ku Burma ndi ku Malaya ndi Britain, kutanthauza kuti ozunzidwa adaimiridwa ndi atsamunda awo akale, amene pa nthawi yomweyo ankayesetsa kubwerera m'mayikowo, ena ndi mfuti. Padalibe woweruza wochokera m'dziko limene silidamenye nawo nkhondo, ndipo padalibe wa ku Japan. Asilikali a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, amene adamenyana ndi Japan m'nkhalango za Burma mu 1944, adawerengedwa ngati dzanja la Britain basi, ndipo woweruza wawo adali Lord Patrick wa ku Scotland.

Pal adafika ku Tokyo pakati pa mwezi wa Meyi, mlandu utayamba kale. Kuchedwa kumeneku kudali ndi zotsatira. Oweruza amene adafika msanga adali atagwirizana kuti bwalo lidzalankhula ndi mawu amodzi, ndipo amene sadzagwirizana ndi anzake sadzatulutsa maganizo ake poyera. Pal adati pangano limene sadakhalepo polipangana silikumumanga. Atatero iye, enanso adamasuka, ndipo mgwirizanowo udatha.

Zaka ziwiri ndi theka

Mlandu udazengedwera m'nyumba imene kale idali likulu la unduna wa zankhondo ku Ichigaya. Oimbidwa mlandu adalipo 28, ndipo wodziwika kwambiri adali General Tojo Hideki, nduna yaikulu pa nthawi imene Japan idaukira Pearl Harbor mu Disembala 1941. Awiri adamwalira mlandu uli mkati, ndipo mmodzi adachotsedwa chifukwa cha matenda a misala. Mlandu waukulu udali woti kuyambira 1928 mpaka 1945 anthuwa adapangana chiwembu chimodzi choputa nkhondo ndi kulanda mayiko a ku Asia ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific. Milandu ina idali ya nkhanza zochitira akaidi a pankhondo ndi anthu wamba.

Mfumu Hirohito, imene nkhondo yonseyo idamenyedwa m'dzina lake, sidaimbidwe mlandu kapena kuitanidwa ngati mboni. MacArthur adaona kuti popanda mfumuyo sangathe kulamulira Japan mwabata. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Madokotala a gulu la asilikali la Unit 731, amene ankayesa tizilombo ta matenda pa anthu amoyo ku Manchuria, nawonso sadafike pabwalo, chifukwa America idafuna zimene adapeza pa kafukufuku wawo.

Pal adajomba masiku ambiri. Mkazi wake ankadwala kwambiri ku Calcutta ndipo iye adabwerera kwawo kangapo. Masiku ena ankakhala m'chipinda chake ku Imperial Hotel akuwerenga ndi kulemba. Malamulo a bwalo ankalola woweruza wojomba kubwerera pampando ndi kuweruza nawo, ndipo ngakhale Webb adachokapo masabata angapo kumapeto kwa 1947 boma la Australia litamuitana. Komabe nkovuta kukana kuti Pal adatsimikiza mtima wake msanga, umboni wambiri usanamveke. Anzake adadziwa maganizo ake miyezi yoyambirira yomweyo.

Mlandu uli mkati, dziko limene lidamutuma lidasintha. Pa 15 Ogasiti 1947 India idalandira ufulu wodzilamulira, Bengal idagawidwanso, ndipo mudzi umene Pal adabadwira udagwera ku Pakistan. Munthu amene adasankhidwa ndi boma la atsamunda adadzalemba chigamulo chake ali nzika ya dziko laufulu, wopanda womulamula ku London, ndipo wosamveranso kwenikweni atsogoleri atsopano a ku New Delhi.

Chigamulo cha oweruza ambiri chidawerengedwa kuyambira pa 4 mpaka pa 12 Novembala 1948. Onse 25 otsala adapezeka olakwa. Asanu ndi awiri adaweruzidwa kuti anyongedwe, 16 adapatsidwa ukaidi wa moyo wonse, ndipo awiri adapatsidwa zaka zowerengeka. Onyongedwawo, kuphatikizapo Tojo ndi Hirota Koki, yekhayo amene sadali msilikali pakati pawo, adaphedwa kundende ya Sugamo pa 23 Disembala 1948. Panalibe bwalo la apilo. MacArthur, yemwe adasankha oweruza, ndiye adawunikanso zilango ndi kuzivomereza.

Bwalo silidalankhule ndi mawu amodzi. Henri Bernard wa ku France adatsutsa kayendetsedwe ka mlandu wonse, makamaka kusiyidwa kwa mfumu. B.V.A. Röling wa ku Netherlands, wamng'ono pa onse, adafuna kuti ena amasulidwe, Hirota ali mmodzi mwa iwo. Webb adalemba maganizo ake apadera. Jaranilla adati zilango zina zidachepa. Koma palibe amene adafika pamene Pal adafika.

Zimene adalemba

Chigamulo cha Pal chidali cha masamba 1,235, chotalika kuposa cha oweruza ambiri. Maziko ake adali akuti pamene nkhondoyo inkayamba, padalibe lamulo la pakati pa mayiko limene linkati kuyambitsa nkhondo ndi mlandu umene munthu payekha angalangidwe nawo. Pangano la ku Paris la 1928, limene mayiko adalonjezamo kusiya nkhondo, lidasiyira dziko lililonse ufulu wodziweruzira lokha ngati likudziteteza, ndipo silidaike chilango. Pal sadakane kuti opambana ali ndi mphamvu yokhazikitsa bwalo lozenga nkhanza za pankhondo. Chimene adakana nchakuti opambanawo alembe lamulo latsopano nkhondo itatha, nkulitcha lakale, nkunyongera nalo ogonja. Kwa iye kutero kudali kubwezera kovala mkanjo wa woweruza.

Adakananso kuti padali chiwembu chimodzi cha zaka 17. M'zaka zimenezo maboma a Japan ankagwa ndi kusinthana kawirikawiri, asilikali a pamtunda ankakangana ndi a panyanja, ndipo ena mwa oimbidwa mlandu adali adani enieni. Pa mfundo imeneyi akatswiri ambiri a mbiri yakale lero ali kumbali yake.

Pamene chigamulocho chimaluma kwambiri ndi pamene chimatembenukira kwa oweruza eni ake. Pal adakumbutsa kuti mayiko amene ankaimba Japan mlandu wolanda mayiko a ena adapeza madera awo a ku Asia ndi lupanga lomwelo. Lamulo loletsa kusintha malire ndi nkhondo, likaikidwa pa tsiku limene ena akhuta kale, limangoteteza okhutawo, ndipo anthu olamulidwa ndi atsamunda sangauzidwe kuti akhale mu ukapolo mpaka kalekale pofuna kusunga mtendere. Adanenanso za mabomba a atomiki amene America idaponya ku Hiroshima ndi ku Nagasaki mu Ogasiti 1945, nati ngati pankhondo ya ku Pacific padali lamulo lochokera kwa akuluakulu lopha anthu wamba mosasankha, lofanana ndi malamulo a atsogoleri a Nazi, ndiye lidali limenelo. Soviet Union, imene idaukira Japan pangano losamenyana lidakalipo, idali ndi woweruza wake pampando. Mawu otere anthu a kuno kum'mwera kwa Africa, amene mu 1948 adali pansi pa Britain, Portugal ndi boma latsopano la tsankho la ku South Africa, akadawamva popanda womasulira.

Koma chigamulo chomwecho chili ndi mbali ina imene omutama sakonda kuiwerenga, ndiponso mbali imene omuteteza amavutika nayo. Pal sadanene kuti asilikali a Japan adali oyera. Adavomereza kuti umboni wa nkhanza zawo kwa anthu wamba ndi kwa akaidi udali wochuluka zedi, ndipo adazidzudzula ndi mawu olemera. Za ku Nanjing, kumene oweruza ambiri adapeza kuti anthu oposa 200,000 adaphedwa m'masabata asanu ndi limodzi mzindawo utagwa mu Disembala 1937, iye sadakane kuti zidachitika. Komabe adakayikira mboni zina, ndipo adagamula kuti sipadali umboni wokwanira woti akuluakulu amene adali pabwalo adalamula kapena kulekerera nkhanzazo. Adamasula ngakhale General Matsui Iwane, amene ankatsogolera asilikali ku Nanjing.

Apa ndi pamene Pal adaterereka. Munthu amene adaona bwino lomwe utsamunda wa azungu sadaone ndi diso lomwelo utsamunda wa Japan. Adamvetsera mwachifundo zifukwa zimene Japan idapereka polowa ku Manchuria ndi ku China, kuphatikizapo kuopa chikomyunizimu, chimene iyenso ankadana nacho. Mlimi wa ku China amene mudzi wake udatenthedwa adalinso Mwasia wolandidwa dziko, ndipo m'masamba 1,235 aja malo ake ndi ochepa. Woweruza wa ku China, Mei Ju-ao, adachokera kumene moto udayaka, ndipo adalimbikira kuti za ku Nanjing zilembedwe momveka m'chigamulo. Anthu awiri a ku Asia amenewa, onse odziwa kupondedwa ndi mayiko akunja, adakhala pa benchi imodzi nagamula mosiyana kotheratu.

Chigamulo cha Pal sichidawerengedwe pabwalo, ndipo nthawi yonse imene asilikali a America ankalamulira Japan sichidasindikizidwe kumeneko. Boma la Jawaharlal Nehru lidadzipatula kwa icho, ponena kuti Pal adalemba ngati woweruza payekha osati ngati mneneri wa India. Ulamuliro wa America utangotha mu Epulo 1952, Tanaka Masaaki, amene adakhalapo mlembi wa General Matsui, adatulutsa zigawo zosankhidwa za chigamulocho m'buku limene mutu wake udalengeza kuti Japan idalibe mlandu. Pal adali atagamula kuti anthu 25 sadalakwire lamulo limene lidalipo. Bukulo lidasandutsa zimenezo kukhala kuyeretsa dziko lonse. Iye mwini adasindikiza chigamulo chonse ku Calcutta mu 1953.

Pambuyo pa Tokyo

Chodabwitsa nchakuti munthu amene adapita ku Tokyo asali katswiri wa malamulo a pakati pa mayiko adabwerako ali mmodzi. Kuyambira 1952 mpaka 1966 adali membala wa International Law Commission, komiti ya akatswiri ya bungwe la United Nations imene imalemba ndi kukonza malamulo amenewa, ndipo adakhalapo wapampando wake. India idampatsa ulemu wa Padma Vibhushan mu 1959. Komiti yomweyo ndiyo idalemba mu 1994, Pal atamwalira kalekale, chikalata choyamba chimene chidabala bwalo la International Criminal Court. Mlandu woputa nkhondo, umene iye adati sudali m'malamulo, mayiko adagwirizana tanthauzo lake la pabwalo limeneli ku Kampala mu 2010, ndipo bwalo lidapatsidwa mphamvu youzenga mu 2018, patatha zaka 70 chigamulo cha Tokyo chiperekedwere.

Mabwalo amene adadza pambuyo adayesa kutseka mipata imene Tokyo idasiya. Pa bwalo la Arusha ku Tanzania, limene United Nations idakhazikitsa mu Novembala 1994 kuti lizenge amene adapulula anthu ku Rwanda, mayiko ankapereka mayina, nthambi yoona zachitetezo ya bungwelo inkasefa mayinawo, ndipo msonkhano waukulu wa mayiko onse ndiwo unkavota. Oweruza oyamba, osankhidwa mu 1995, adachokera ku Senegal, South Africa, Tanzania, Sweden, Russia ndi Bangladesh, dziko limene muli mudzi wa Pal. Padalibe wa ku Rwanda, ndipo padali bwalo la apilo. Kuti nkhani ya amene wakhala pampando ndi yaikulu zidaoneka pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu: Navanethem Pillay wa ku South Africa, mayi yekhayo pa oweruza atatu, adafunsitsa mboni za kugwiriridwa kwa amayi, milandu idawonjezeredwa, ndipo chigamulo cha pa 2 Sepitembala 1998 chidakhala choyamba kunena kuti kugwirira kungakhale njira yopululira mtundu wa anthu. Florence Mumba wa ku Zambia adaweruza pa bwalo la milandu ya ku Yugoslavia kuyambira 1997, ndipo Sanji Monageng wa ku Botswana adakhala pa International Criminal Court kuyambira 2009 mpaka 2018. Pa bwalo lomalizali oweruza 18 amasankhidwa ndi mayiko amene ali m'pangano, kwa zaka 9, ndipo wopambana amayenera kupeza mavoti awiri mwa atatu alionse.

Dandaulo lina la Pal silidathe ndi kusintha kwa kasankhidwe ka oweruza. Bwalo la Arusha lidatseka zitseko kumapeto kwa 2015 lisadazengepo ngakhale msilikali mmodzi wa gulu la RPF, limene lidapambana nkhondo ya ku Rwanda. Oweruza amaweruza amene abweretsedwa pamaso pawo, ndipo wowabweretsa amasankhidwa padera.

Pal adabwerera ku Japan mu 1952, mu 1953 ndi mu 1966. Ulendo woyamba adaitanidwa ndi wosindikiza mabuku Shimonaka Yasaburo, ndipo adayendera akaidi amene adali adakali m'ndende ndi mabanja a onyongedwa. Ku Hiroshima adakhumudwa ndi mawu olembedwa pa chipilala cha ophedwa ndi bomba, chifukwa adawamva ngati akuika kulakwa pa anthu a ku Japan m'malo mwa amene adaponya bombalo. Ankalankhulanso za Gandhi ndi za kusamenyana, koma amene ankamulandira ndi manja awiri ambiri adali anthu ofuna kutsuka mbiri ya nkhondo, ndipo iye sadawakane. Pa ulendo womaliza, ali ndi zaka 80 ndipo thupi litafooka, adalandira mendulo yapamwamba ya Order of the Sacred Treasure kuchokera kwa Hirohito, mfumu ija imene sidaitanidwe pabwalo. Mmodzi mwa amene adamulemekeza pa ulendowo adali Kishi Nobusuke, amene adatsekeredwapo ku Sugamo poganiziridwa milandu ya nkhondo, natulutsidwa osazengedwa, nadzakhala nduna yaikulu ya Japan mu 1957.

Adamwalira ku Calcutta pa 10 Januwale 1967, patatsala masiku 17 kuti akwanitse zaka 81.

Ku India dzina lake lidazilala, moti ambiri amalimva koyamba kuchokera kwa alendo a ku Japan. Ku Japan lidakula. Chipilala chomukumbukira chidaimikidwa ku Kyoto mu 1997, ndipo china mu 2005 pa kachisi wa Yasukuni ku Tokyo, kumene amalemekezako mizimu ya asilikali a Japan pamodzi ndi ya atsogoleri 14 a mlandu wa Tokyo, Tojo ali pakati pawo. Nduna yaikulu ya Japan ikapita kukachisiko, maboma a China ndi South Korea amakwiya. Mu Ogasiti 2007 nduna yaikulu Abe Shinzo, mdzukulu wa Kishi, ali pa ulendo wa boma ku India adapatukira ku Kolkata kukacheza ndi mwana wamwamuna wa Pal, amene pa nthawiyo adali nkhalamba ya zaka zoposa 80.